Lounge ndi downtempo: ndi mapasa kapena angofanana nkhope?

Mlongo wina wogwira ntchito pa loji ina ku Mangochi wanditumizira imelo. Akuti dzuwa likamalowa abwana amawauza kuti aike "lounge", tsiku lina amati "downtempo". Ndiye akufunsa ngati zili zimodzi, komanso kumene zinachokera.

Achemwali, si zimodzi ayi. Awiriwa anakumana pa njira atakula kale.

Wamkulu ndi lounge, nyimbo za m'ma 1950 ku America, zoimbira anthu okhala pansi ndi tambula m'manja m'chipinda chochezera cha hotela. Nkhani imene imandisangalatsa ndi ya Martin Denny, woimba piyano pa bala ya hotela ina ku Waikiki, ku Hawaii. Pambali panali dziwe. Gulu likayamba kuimba, achule nawo ankayambapo kulira. Gulu likaleka, achule zii. Anzake anayamba kutsanzira kulira kwa mbalame mwa nthabwala chabe, makasitomala n'kuzikonda, mpaka chimbale chake cha 1957 chinapereka dzina loti exotica ku nthambi imeneyi ya lounge. Juan García Esquivel wa ku Mexico naye ankaseweretsa stereo, yomwe inali yachilendo, kuthamangitsa mawu kuchoka ku sipika iyi kupita ku inayo. Rock itafika, achinyamata anati izi n'za madala.

Downtempo anabadwira kwa anthu otopa ndi kuvina. Mu 1989 ku kalabu ya Heaven ku London, nyimbo za house zinkagunda usiku wonse, kugunda koposa 120 pa mphindi. Alex Paterson ndi Jimmy Cauty anapatsidwa kachipinda kapadera koti ovina azipumirako, n'kumaika nyimbo zodekha. Ku Bristol nako, kumene kuli mabanja ambiri ochokera ku Jamaica, gulu la Massive Attack linatenga besi yolemera ya dub, nyimbo za ku Jamaica zochokera ku reggae, n'kuiphatikiza ndi ng'oma za hip hop zoyenda pang'onopang'ono. Kwa ine besi imeneyi ndiyo mtima wa downtempo. Mukaichotsa, chotsala ndi nyimbo zodikirira pa foni.

Koma zimene abwana anu akufuna, ndikuganiza, ndi za ku Ibiza, chilumba cha ku Spain. Kuyambira 1991 José Padilla ankasankha nyimbo pa Café del Mar moyang'ana dzuwa likumira m'nyanja, ndipo mu 1994 kunatuluka chimbale choyamba cha dzina la malowo. Zaka zomwezo ma DJ anayamba kufukula zimbale zakale za lounge ndi bossa nova ya ku Brazil, kudulamo tizidutswa n'kuika pa ng'oma zawo. A Thievery Corporation anayambira pa bala yotchedwa Eighteenth Street Lounge ku Washington. Mayina anasokonekera pamenepo.

Ndiye tcherani khutu. Mukamva piyano ndi vibraphone (chida chonga mangolongondo achitsulo), gulu likuimba pamodzi, ndi lounge. Ng'oma ikamangobwereza mosasintha, besi n'kumanjenjemeretsa mabotolo pa kauntala, ndi downtempo. Achule muli nawo kale kumeneko.