Kukopera katundu mu Django kukutenga ola lathunthu: vuto lili pati?

Sabata ino kalata yachokera kwa m'bale wina amene amalemba mapulogalamu ndi Django, chida cha Python chopangira mapulogalamu a pa intaneti. Ali ndi pulogalamu ya sitolo, ndipo chaka chikatha amakopera mndandanda wa katundu ndi mitengo yake kuti chaka chatsopano chiyambire pomwepo. Mizere ya katundu mu database ilipo pafupifupi 20,000. Amatenga katundu mmodzimmodzi mu loop, n'kuika pk = None (pk ndi id, nambala yozindikiritsa mzere, ndipo akaifufuta Django imalemba mzere watsopano), kenako save(). Ntchitoyo ikumudyera pafupifupi ola, ndiye akufunsa ngati agule seva yamphamvu kapena angoisiya Django n'kumalemba pamanja SQL, chilankhulo cholamulira database.

Achimwene, ndalama za seva zisungeni. Njira mwagwiritsayo ndi yomwe mabuku a Django amaphunzitsa, ndipo pokopera chinthu chimodzi ilibe vuto. Koma save() iliyonse ndi ulendo wake wopita ku database: pulogalamu itumize INSERT, idikire yankho, kenako itumize ina. Kuwonjezera apo, Django imayamba ili pa autocommit, ndiye mzere uliwonse database imautsimikiza pawokha isanalandire wina. Zili ngati kudzaza mgolo potunga madzi ku mjigo ndi kapu.

Tiyerekeze kuti database ili pa seva ya ku Johannesburg, pulogalamu mukuyendetsa pa laputopu, ndipo ulendo uliwonse ukutenga mamilisekondi 50. Ngati pa katundu aliyense pali SELECT yotenga mtengo, INSERT ya katundu ndi INSERT ya mtengo, maulendo akwana 60,000. Amenewo ndi masekondi 3,000, mphindi 50 zongodikira. Purosesa yamphamvu singachotsepo ngakhale mphindi imodzi.

Musanasinthe kalikonse, werengani ma query, malamulo omwe pulogalamu ikutumiza ku database. Ikani DEBUG = True, kopererani katundu 100 yekha, ndipo onani kuti mu connection.queries mwalowa zingati. Mukapeza 300 kapena kuposa, vuto mwaligwira. Kawirikawiri ma SELECT obisikawo amabwera mukangokhudza chinthu cholumikizidwa, monga katundu.gulu mkati mwa loop. Pokopera simukufunika kulitenga gululo, chifukwa gulu_id ili kale pa chinthucho. Pa mitengo gwiritsani prefetch_related kuti yonse ibwere kamodzi.

Mankhwala enieni ndi bulk_create, yomwe inabwera ndi Django 1.4 mu 2012. M'malo moitana save(), sonkhanitsani makope onse pamndandanda, muwapereke kwa bulk_create, muike batch_size=500, ndipo zonsezo muzikute ndi transaction.atomic. Ma INSERT 20,000 aja atsika kufika pa 40. Komanso magetsi akathima ntchito ili pakati, database ibwerera mmene inalili, simutsala ndi theka la mndandanda.

Apa ndi pamene ambiri amapsa, ndiye mumve bwino. Bulk_create siitana save() yanu, ndipo ma signal a pre_save ndi post_save, mauthenga omwe Django imatumiza chinthu chisanasungidwe komanso chikasungidwa, satumizidwa. Ngati munabisa zinthu mu save(), monga kupanga nambala ya katundu kapena kuwerengera msonkho, makope atuluka alibe zimenezo ndipo palibe error yomwe ikuchenjezeni. Ntchito imeneyo itulutseni ikhale function yapayokha, muziitana pa kope lililonse musanalitumize. Ine sindikondwera ndi masamu a bizinesi obisidwa mu signal, ndipo chifukwa chake ndi chimenechi. Bulk_create simagwiranso pa model yomwe ndi mwana mu multi-table inheritance (yotengera kwa model ina, iliyonse ili ndi tebulo lake), ndipo za many-to-many (zinthu zambiri zolumikizana ndi zina zambiri) siizikhudza. Za many-to-many mukopere padera kudzera pa tebulo lake lapakati la through.

Nkhani ina ndi ya mitengo. Mtengo watsopano uyenera kuloza katundu watsopano, ndiye mukufunika kudziwa kuti id yakale yasanduka iti. Pa PostgreSQL, pa MariaDB kuyambira 10.5 ndi pa SQLite kuyambira 3.35, Django ya masiku ano imabwezera pk yatsopano pa chinthu chilichonse bulk_create ikatha. Sungani ma id akale musanafufute pk, muwafananitse ndi atsopano mu dict, kenako muchite bulk_create yachiwiri ya mitengo. MySQL siibweza ma id amenewa. Kumeneko wonjezerani column yosunga id yakale pa kope lililonse, ndipo mukamaliza muwerengenso ndi SELECT imodzi.

Musagwiritse copy.deepcopy pa ma model. Imakoperanso zonse zomwe chinthucho chasunga m'memory, kuphatikizapo zolumikizidwa zomwe zinatengedwa kale, ndipo simupindula nayo kanthu.

Nanga za SQL? Django musaisiye, koma pa ntchito imodzi imeneyi SQL ili ndi malo ake. Ngati makope sakusintha kwenikweni, mwina chaka chokha, INSERT INTO ... SELECT imakopera zonse mkati mwa database momwemo, palibe mzere womwe umayenda pa netiweki kapena kusandulika chinthu cha Python. Muilemba kudzera pa connection.cursor. Kuipa kwake n'kwakuti mukawonjezera field pa model, muyenera kukumbukira kusinthanso SQL ija pamanja. Pa mizere 20,000 ine ndikanaima pa bulk_create. SQL ndikanaiganizira mizere ikafika mamiliyoni, ndipo ngakhale pamenepo ndikanayamba ndasamutsa script ija kuti iziyenda pa seva yomwe ili pafupi ndi database, osati pa laputopu.