Menyu yothinana: vuto ndi mipata, osati kukula kwa zilembo

Mayi wina wa shopu yosindikiza ndi kufotokopa pa boma la Mangochi watilembera imelo. Anakonzera lesitilanti ina ya ku Monkey Bay menyu pa pepala la A4, koma eni ake aibweza, ati yathinana, maso sakupeza poyambira. Akufunsa ngati achepetse zilembo.

Ayi amayi, zilembo zisiyeni. Maso amayenda pa tsamba ngati mapazi a ovina beni: amatsata kugunda kobwerezabwereza, ndipo pa pepala kugundako ndi mipata. Mpata uliwonse ukakhala ndi msinkhu wakewake, woŵerenga amasokonezeka.

Sankhani muyeso umodzi. Ngati mayina a zakudya ali pa 11 pt (pt ndi muyeso wa kukula kwa zilembo ndi mipata pa kompyuta), mu Word pitani pa Paragraph, pa Line spacing musankhe Exactly, mulembe 14 pt. Mipata ina yonse ichokere pa 14 ameneyu. Pakati pa chambo chowotcha ndi kampango wophika siyani 7 pt. Pamwamba pa mutu ngati "Nsomba" kapena "Zakumwa" siyani 28 pt, koma pansi pake 7 pt basi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: mutu ukakhala pakatikati, umayandama, munthu sadziwa ngati ndi wa ndiwo za pamwamba kapena za pansi. Uyenera kukhala pafupi ndi zimene ukutsogolera. Mipatayi ikani pa Before ndi After mu Paragraph momwemo, osati kumenya Enter kaŵiri, chifukwa mukadzasintha kukula kwa zilembo, mipata ya Enter idzasuntha.

Misinkhu ya zilembo itatu yakwana: 24 pt dzina la lesitilanti, 16 pt mitu, 11 pt zakudya.

Justify, imene imafola mawu kumanzere ndi kumanja komwe, musaiyandikire. Mawu a Chichewa ndi aatali. "Zoziziritsa kukhosi" akalowa m'danga lopapatiza, kompyuta imakoka mawu kuti afike kumapeto, n'kusiya mabowo oyera pakati pa mzere. Yambirani kumanzere, kumanja kuthere pomwe mawu athera. Mitengo ya zakudya ifoleni kumanja ndi Tab, osati spacebar, kuti manambala aime mzere umodzi.

M'mbali monse siyani 15 mm, popeza maprinta ambiri safika m'mphepete mwa pepala. Mukasindikiza kope loyamba, liikeni patebulo, muime chapatali n'kutsinzinira pang'ono. Muziona magulu atatu kapena anayi olekana bwino. Mukaona chigamba chimodzi chotuwa, wonjezerani mpata wa pamwamba pa mitu ufike 42 pt.