Sitampa timamata, chidindo timadinda

Funso: Mwana wanga wayamba kusunga masitampa a pa makalata akale, ndipo ndikufuna kumulembera malangizo. Kodi ndilembe kuti akutolera zidindo kapena akusonkhanitsa masitampa?

Yankho: Mawu oti zidindo musawalembe pamenepa. Chisokonezochi chimadza chifukwa Chingerezi chimatchula zinthu ziwirizi ndi liwu limodzi, pomwe Chichewa chimazisiyanitsa bwino lomwe. Sitampa ndi kapepala kolembedwa mtengo kamene timamata pa envelopu, ndipo chidindo ndi chizindikiro cha inki chimene a positi ofesi amadinda pamwamba pake, chosonyeza tsiku ndi malo amene kalatayo inachokera, kuti sitampayo isagwirenso ntchito kachiwiri.

Kusiyana kumeneku kunaoneka kuyambira pachiyambi penipeni. Sitampa yoyamba yomata, yotchedwa Penny Black, inatuluka ku Britain mu 1840 ili ndi nkhope ya Mfumukazi Victoria. Inali yakuda ndipo chidindo chake chinali chofiira, koma inki yofiirayo inkafufutika mosavuta, moti anthu ena ankatumiziranso makalata sitampa yomweyo. N'chifukwa chake mu 1841 anatembenuza mitunduyo: sitampa inakhala yofiira, chidindo n'kukhala chakuda. Mwana wanu aphunzire kunena kuti sitampa yodindidwa ndi sitampa yosadindidwa, pakuti osonkhanitsa amaziika padera ndipo mtengo wake umasiyana.

Pa mneni, kutolera sikulakwa, koma kumanena za kuyenda uku ndi uku kukatenga zinthu, monga mmene timanenera kutolera msonkho. Ine ndimakonda kusonkhanitsa, chifukwa kumasonyeza zinthu zobwera pamodzi ndi cholinga. Ntchito yotsatira ndi kusanja, ndiko kuika masitampa m'buku motsatira dziko, chaka kapena chithunzi, kaya ndi mbalame, maluwa kapena sitima. Wongowathira m'katoni akuunjika, sakusanja ayi.

M'malangizomo mulembe kumatula, osati kusupula kapena kung'amba. Adule envelopu mozungulira sitampa, anyike kapepalako m'madzi ofunda pang'ono, ndipo adikire kufikira sitampa itamatuka yokha, chifukwa akaikoka msanga timano ta m'mphepete mwake timaduka. Akatero aiyanike chafufumimba papepala loyera, ndipo ikauma aipanikize pakati pa masamba a buku lolemera kuti iwongoke. Guluu asaikepo konse.

Musamalenso mgwirizano wa mawu: imodzi ndi sitampa yakale, ambiri ndi masitampa akale.