Achimwene, za chimbudzi cha Tadala ndiyankhe pa voisi

Eee achimwene, ndaiona meseji yanu pa gulupu, yoti Tadala wakwanitsa masiku 5 osachita chimbudzi ndiye alamu sakugona ndi nkhawa, komanso kuti amayi akuti mumuike kasopo kumatako kapena mumumwetse timadzi tofunda. Kulemba kunditengera nthawi ndiye ndangoti ndiyankhule, muwayikire alamu amve okha, amayinso amve nawo.

Ndiyambe ndi ichi kuopa netiweki ya ku Santhe ingadule voisi pakati: sopoyo ayi, madzinso ayi. Musamupatse kalikonse kupatula bere. Chifukwa chake ndifotokoza.

Mwanayu ali ndi masabata 9 eti? Ndipo mwati akungoyamwa basi, akuseka, thupi silikutentha. Ngati zili choncho mtima pansi ndithu. Ana oyamwa bere lokha akadutsa masabata 6 ambiri amasintha, yemwe uja amadetsa thewera akangomaliza kuyamwa, kangapo patsiku mpaka alamu kutopa ndi kuchapa, mumangoona wasiya, masiku atatu zii, asanu zii, ena sabata yathunthu, ena amafika masiku 10 ali gwa akunenepa. Si onse ayi, ena amapitiriza tsiku ndi tsiku, koma zonsezi n'zabwinobwino. Ife pa sikelo timaziona sabata iliyonse, mayi kubwera misozi ili m'maso, mwana ali kumsanako akusewera ndi zala zake.

Chimachitika n'choti mkaka wa m'mawere thupi la mwana limaugaya pafupifupi wonse, zotsala zoti zituluke zimakhala zochepa, ndiye zimayamba zasonkhana kaye m'matumbomo. Masiku oyambirira aja zimakhala zina chifukwa mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amafinyira pansi amvekere ndi woipa pomwe ndi umene umateteza mwana ku matenda, umafewetsa m'mimba, ndi umene umakankha chimbudzi chakuda chomata chija mwana akangobadwa. Akamakula matumbo amakhwima, sathamangiranso kutulutsa nthawi iliyonse akayamwa. Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Ndiye mumve bwino apa alamu, kudzimbidwa kwa khanda sitiwerenga masiku, timaona chimene chatuluka. Akadzachita, kaya mawa kaya mkuja, mutsegule thewera muyang'ane. Chikakhala chofewa, chachikasu, mwina chokhala ndi timibulu toyerera, ndiye kuti sanadzimbidwe olo patadutsa sabata. Koma chikatuluka cholimba, chouma, timibulu ngati ta mbuzi, mwana akulira ndi ululu mwinanso timagazi pamwamba, kumeneko ndiye kudzimbidwa ndipo mupite naye akamuone, chifukwa kwa mwana woyamwa bere lokha sizichitikachitika, pamakhala pali chifukwa. Ndikuchenjezeninso, tsiku limene adzamasule chidzakhala chambiri zedi, chimasefukira m'thewera kukwera kumsana mpaka pa chitenje chanu, ndiye mukamapita ku tchalitchi kapena kumsika muzitenga matewera ndi chitenje chapadera. Musadzathamange kuti watsegula m'mimba, ayi, ndi zamasiku onse aja zatulukira pamodzi. Kutsegula m'mimba ndi pamene akuchita zamadzimadzi mobwerezabwereza kuposa mmene amachitira.

Mwanenanso kuti akumakankha, nkhope kufiira, miyendo kuikokera pamimba n'kumabuula, koma palibe chikutuluka kapena kungotulutsa mpweya. Izi zimaopsa kuziona ndikudziwa, koma mwana wa msinkhu umenewu akuphunzira kaye, kuti chimbudzi chituluke amayenera kulimbitsa mimba uku akumasula kumusi nthawi imodzi, iye amalimbitsa konse ndiye amakankha pakhomo potseka. Amadzazidziwa yekha. Mpweya ukamatuluka ndi chizindikiro chabwino, njira ndi yotsegula.

Chimene ndikufuna muziwerenga ndi mkodzo. Pa tsiku lonse, usana ndi usiku, matewera onyowa akwane 6 kapena kuposa, mkodzo wake woyera osati wachikasu kwambiri wonunkha. Ngati mukumuveka pampasi zimavuta kuona chifukwa pampasiyo amamwa mkodzo, ndiye mukamuvula muzinyamula pampasiyo m'manja mumve kulemera, kapena masana muzimuveka thewera la nsalu kuti muwerenge bwino. Ayamwe kosachepera ka 8 pa tsiku ndi usiku womwe, amalize bere limodzi mpaka lifewe kenaka lina, ndipo muzimva akumeza. Mimba muigwire akakhala kuti wadekha, ikhale yofewa, chala chizilowa. Ndiye sikelo, mwana wa miyezi imeneyi amawonjezera mwina magalamu 150 mpaka 200 pa sabata, mzere wa m'buku lake uja uzikwera. Zimenezi zikakhala bwino chimbudzi chibwera chokha.

Tsopano izi ndiye musazigonere, olo kukhale usiku mupeze kabaza wa njinga yamoto mupite kuchipatala. Akamasanza zobiriwira, ndikuti zobiriwira ngati masamba osati timkaka tobwerera akamageya tija, chifukwa zimenezo zimatha kusonyeza kuti matumbo atsekeka ndipo ndi nkhani ya maola osati masiku. Mimba ikatupa n'kulimba, kuigwira iye n'kulira. Akakana bere, akafooka osafuna kudzuka, thupi likatentha kapena kuzizira modabwitsa, liwombo likalowa m'kati, mkodzo ukachepa, magazi akaoneka m'chimbudzi. Chinanso chimene anthu sachidziwa, chimbudzi choyera kapena chotuwa chopanda mtundu, makamaka maso ali achikasu, chimenecho chimaloza ku chiwindi ndipo chimafuna kuchipeza msanga. Pa helefi senta akaona kuti zawakulira amakutumizani ku chipatala cha boma ku Kasungu, ndipo za opaleshoni ya ana amapititsa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Sindikukuopsezani ayi, mmene mwafotokozera Tadala alibe n'chimodzi chomwe mwa izi, koma muzidziwe.

Ndipo poti pa gulupu pano pali ena oyembekezera, zimene ndanenazi musadzazitengere kwa khanda la masiku ochepa. Mwana wongobadwa kumene ayenera kutulutsa chakuda chija pasanathe maola 48, ambiri tsiku loyamba lomwelo, akapanda kutero muwauze anamwino musanatuluke. Pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu chizikhala chitasanduka chachikasu, ndipo m'masabata oyambirirawo azichita kawiri katatu patsiku kapena kuposa. Khanda la sabata imodzi kapena awiri likamakhala masiku osachita, kawirikawiri ndiye kuti mkaka sukulowa wokwanira, mwina sakugwira bere bwino, limenelo sitidikira, timapita nalo akaone mmene likuyamwira ndi kuliyeza. Msinkhu ndi umene ukusiyanitsa.

Amayi, ndikudziwa mukumva ndipo mwalera ana ambiri kuphatikizapo ifeyo, mukufunira mdzukulu wanu zabwino, koma pa sopo pokha mundimvere chonde. Khungu la m'katimo mwa khanda ndi lanthete kwambiri, sopo amawotcha, ndipo kasopo kapena chala chikhoza kung'amba, mwana n'kuyamba kuopa kuchita chimbudzi chifukwa cha ululu, vuto limene kunalibe n'kuyambika. Inde akamuika amachita, koma amachita chifukwa chonyerenyetsa, osati kuti wachira. Zopopera kumatako, mafuta otsegula m'mimba, mizu yoviika, tiyi, madzi a shuga, ngakhale gripe water wa mu golosale uja, zonsezi ayi. Mankhwala aliwonse ofewetsa m'mimba akhale oti alembedwa kuchipatala atamuona mwanayo.

Madzi ndiye ndikudziwa mukuti kukutentha, Okutobala uno ngakhale ife akuluakulu kukhosi kukuuma. Koma mkaka wa m'mawere mbali yaikulu ndi madzi, kuposa 80 peresenti, mwana akamva ludzu mpatseni bere, alamu ndi amene azimwa madzi ambiri ndi kudya mokwanira. Kamimba kake n'kakang'ono, mukathiramo madzi malo a mkaka atha, ayamwa pang'ono, mkaka nawo m'mawere uyamba kuchepa. Kuwonjezera apo madzi a pachitsime kapena m'ndowa angabweretse kutsegula m'mimba, ndipo kumeneko ndi kumene kumapha makanda, osati kukhala masiku 5 osachita. N'chifukwa chake a zaumoyo amalimbikira za kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, bere lokha, phala lidzayambe pambuyo pake. Akadzayamba phala ndi pamene chimbudzi chidzasinthe fungo ndi kulimba, nthawi imeneyo tidzakambirana zina.

Funso limodzi achimwene mufufuze mwachifatse osakalipira munthu: alamu akapita kothirira nazale ya fodya mwana amatsala ndi ndani? Chifukwa nthawi zambiri mayi amalumbira kuti bere lokha, pomwe wotsala naye uja mwana atalira anamupatsa kaphala kamadzimadzi kapena mkaka wa m'chitini kuti atonthole, mwachifundo ndithu. Ngati zinachitikapo mundiuze, chifukwa pamenepo chimbudzi chimatha kulimbadi ndipo malangizo asintha. Bola azipita naye kudimbako, amugoneke pamthunzi, akalira ayamwe.

Ngati manja akukuyabwani kuti muchitepo kanthu, mugonekeni chagada pa mphasa, mugwire timiyendo mupalase ngati njinga pang'onopang'ono, mumusisite pamimba mozungulira mchombo mofatsa, mumusambitse madzi ofunda. Asakhale atangoyamwa kumene angasanze. Nthawi zina zimathandiza mpweya kutuluka, zikapanda kuthandiza palibe chimene chaonongeka.

Sabata yamawa akukwanitsa masabata 10, ndi tsiku la katemera wachiwiri, musaphonye. Mukawauze anesi kapena a HSA za masiku amene wakhala osachita, amuyeze sikelo ndi kumugwira pamimba. Akafika masiku 7 mpaka 10 osachitabe musadikire tsiku la katemeralo, mungopita akamuone kuti mitima ikhale m'malo. Pakadali pano alamu mundijambulire tsamba la kulemera kwake m'buku la kuchipatala lija munditumizire ku inibokosi, ndipo mawa m'mawa mundiuze matewera onyowa akwana angati kuyambira pano.