Wothira oilo m'mabogi angakhaledi bwana wa kampani ya njanji? Nkhani ya Hunter Harrison

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito mu wekishopu, akuti anamva kuti kunja kunali bwana wina wa sitima amene anayamba ngati wothira oilo mpaka kudzalamulira makampani anayi akuluakulu, ndiye akufunsa kuti, "kodi ndi zoona kapena ndi nkhani zongotilimbitsa mtima ife a maovolosi? Nanga ngati ndi zoona, munthuyo anali wabwino?"

Achimwene, funso loyambalo silivuta, ndi zoona. Dzina lake anali Hunter Harrison, anabadwa mu 1944 ku Memphis m'dziko la America, ndipo asanakwane ndi zaka 20 zomwe analembedwa ntchito ku kampani ya njanji imene anthu ankangoitchula kuti Frisco. Lachiwirilo ndiye landigoneka mochedwa masiku angapo.

Tiyambe ndi ntchito ya oiloyo chifukwa zonse zagona pamenepo. Masiku amenewo mabogi ambiri anali ndi kabokosi kachitsulo kumapeto kwa ekiselo iliyonse, pafupi ndi gudumu. Munthu umayenda m'mbali mwa sitima, kutukula kachivindikiro, kusuzumira, kuthira oilo, kutseka, kupita pa gudumu lina, choncho mpaka sitima yonse, kaya ndi usiku kaya kukugwa mvula. Ukadumpha kabokosi kamodzi nkuuma, kamatentha mpaka kuyaka moto ndipo ekiselo ikhoza kuthyoka sitima nkugwa. Ndiye mnyamata amene wakulira pansi pa mabogi amaona zinthu zimene wa mu ofesi saziona. Chimene Harrison anaona ndi chakuti bogi nthawi yake yambiri imakhala itangoima, sikuti ikuyenda ayi, ikungodikira mu yadi.

Anakwera pang'onopang'ono, Frisco itamezedwa ndi Burlington Northern mu 1980 anapitiriza komweko, mu 1989 anasamukira ku Illinois Central ndipo mu 1993 anakhala bwana wamkulu. Canadian National itagula kampaniyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inamutengera limodzi, nkudzailamulira kuyambira 2003 mpaka 2009.

Tsono nzeru yake inali yotani? Ganizani za minibasi pa depoti, siinyamuka mpaka idzadze, amene munakwera koyambirira mumakhala maola awiri mukutuluka thukuta pampando. Njanji za katundu ku America zinkayenda choncho, sitima imadikira kuti mabogi akwane kaye. Iye anati ayi, sitima izinyamuka pa nthawi yake, ndipo bogi iliyonse ikhale ndi ndondomeko yake, kuti ichoka apa ola lakuti, ikafika uko tsiku lakuti. Anthu a njanji amaitchula PSR njira imeneyi, chidule cha Precision Scheduled Railroading, kutanthauza kuyendetsa sitima motsatira nthawi yoikika. Bogi ikamapita nkubwerako msanga ndiye kuti simufunikanso mabogi ambiri, mainjini ena mumawaimika, mayadi ena mumatseka, ndipo apa ndi pamene pamawawa, anthunso simuwafuna ambiri.

Za mayadi ndifotokozeko pang'ono. Kuli mayadi ena okhala ndi kachitunda, injini imakankha mabogi kukwera nawo pamwamba, munthu amamasula imodzi imodzi ndipo imatsetsereka yokha kukalowa mu njanji ya kumene ikupita. Ndi chinthu chokongola kuchiona koma chimadya ndalama, ndiye Harrison akaona kuti mabogi odutsa pamenepo ndi ochepa amangoti tsekani. Amene anagwira naye ntchito amati akaona pa kompyuta kuti sitima yaima penapake amaimba yekha foni kwa woyang'anira malowo, osadzera kwa mamanenjala, ndipo kumunamiza kunali kovuta poti ntchitoyo anaigwirapo ndi manja ake. Ankatenganso mamanenjala m'timagulu kupita nawo kwina masiku angapo kukawaphunzitsa yekha, maphunziro amene ankatchedwa Hunter Camp.

Atapuma mu 2009 anthu ankayesa basi zatha. Koma mu 2012 mkulu wina wa masheya, Bill Ackman, analimbana ndi bodi ya Canadian Pacific mpaka bwana wake Fred Green anachoka, nkuikapo Harrison. Nthawi imeneyo pa madola 100 aliwonse amene kampani imalandira, oposa 80 amathera pa kuyendetsa ntchito, pofika 2016 anali atatsika pansi pa 60. Likulu analichotsa mu nyumba yosanja pakati pa mzinda wa Calgary nkulipititsa ku yadi ya Ogden kuti mabwana azimva kulira kwa sitima, ichi ine ndimachikonda ndithu. Koma mu December 2012 momwemo analengeza kuti malo a ntchito 4,500 atha. Mukamawerenga nambala imeneyi muziona anthu achimwene, makomo 4,500 amene fizi ndi lendi zimachokera ku njanji.

Chaka chake chomaliza ndi chimene chimandipweteka mtima kwambiri. Mu January 2017 anasiya Canadian Pacific, mu March analowa ku CSX, kampani ya likulu ku Jacksonville, Florida, ndipo eni masheya anavomera kulipira madola 84 miliyoni kubweza zimene anasiya kumene amachokako. Anali ndi zaka 72, akudwala, nthawi zina akupumira pa botolo la okosijeni, ndiye zimene kwina anazichita pa zaka zingapo kuno anafuna zitheke pa miyezi yochepa. Mayadi a kachitunda anali 12, anatseka 8. Katundu anayamba kuchedwa, mabogi kusochera, eni mafakitale kudandaula mpaka bungwe la boma loyang'anira njanji, Surface Transportation Board, linaitanitsa msonkhano mu October kuti limve madandaulo. Pa 16 December 2017 anamwalira ali ndi zaka 73, patangopita masiku ochepa kampani italengeza kuti wapita kutchuthi cha matenda.

Ndiye anali wabwino? Ine ndimamupatsa ulemu pa chinthu chimodzi, udindo sanaupeze chifukwa cha jekete kapena chifukwa chodziwana ndi wina, anaupeza chifukwa ankadziwa njanji kuposa onse okhala naye pa tebulo, ndipo zimene ankanena za mabogi ongoima zinali zoona, palibe angatsutse. Mnyamata amene anaphunzitsidwa ndi Harrison, Keith Creel, ndi amene anadzalumikiza Canadian Pacific ndi Kansas City Southern mu 2023, njanji imodzi kuchoka ku Canada mpaka ku Mexico. Inu amene muli mu wekishopu, zimene mukuziona tsiku ndi tsiku pansi pa makinawo musazipeputse, ndi zomwezo zinamukweza iye.

Koma sindingakunamizeni kuti ndimamukonda yense. Atamwalira, makampani ena a njanji, Union Pacific ndi Norfolk Southern, nawo anatengera njira yake, sitima zinatalika, antchito anachepa, otsalawo nkumakhala pa foni kudikira kuitanidwa usana ndi usiku. Mu 2022 antchito a njanji ku America anangotsala pang'ono kunyanyala ntchito ndipo nkhani yaikulu inali ya masiku opuma munthu akadwala, mpaka nyumba ya malamulo inalowererapo mu December kuletsa sitalakayo. Sizonse zimene tingamusenzetse iye poti anali atapita kale, koma mbewu anadzala ndi iye. Chimene chimandivutabe mpaka lero nchakuti munthu amene anayendapo usiku m'mbali mwa sitima ndi kachitini ka oilo m'manja ankadziwa bwinobwino kuti yadi ikatsekedwa amene amabwerera kunyumba wopanda kanthu ndi ndani, ndipo ku CSX, akudwala choncho, anatseka 8 pa miyezi yochepa.