Kansalu kamene abwere nako musakataye

Achemwali, mwafunsa za kakonzedwe ka chipinda cha mwana amene mukufuna kumutenga kuti mumulere, koma za mtundu wa penti ndi makatani ziyambe zadikira. Mwana wa zaka ziwiri amene mukukamutenga kumalo osungirako anawo abwera ndi kenakake m'manja, kaya kachitenje kong'ambika, kaya kabulangete, kaya kachidole kothyoka mwendo. Kakhala kakuda, konunkha. Musakachape msanga, musakataye, ndipo wachibale aliyense mumuuziretu kuti asakakhudze. Ndikulemba manja akunjenjemera.

Ife tili kuno ku Kasungu, ku Chankhanga. Wathu anabwera ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, titamaliza za a Social Welfare ndi za kukhothi. Chipinda chake munkakhala matumba a chimanga chothira Actellic, ndiye tinatulutsa zonse, kukolopa ndi sopo, kupenta buluu, n'kusiya mawindo otsekula mpaka fungo litatha. Kalipentala anatikhomera bedi lalifupi, pakhoma tinamata zithunzi za njovu ndi mbidzi. Mwanayo zonsezo sanaziyang'ane n'komwe. Anafika atafumbata kachitenje kofwifwa, kobooka pakati, akuyamwa nsonga yake. Mayi amene ankamusamalira kumeneko anandinong'oneza kuti popanda kameneko sagona.

Ndiye kunabwera alamu anga, achemwali awo a bambo akunyumba, ati kudzaona mlendo. Kungolowa pakhomo nkhope ili yokwinya. Ati mwapenta chipinda chonsechi chifukwa cha mwana wotola, pamene ana a m'banja muno kumudzi akugona pa chiguduli? Ati mukudziyesa Madonna uja anadzatenga David Banda ku Mchinji mu 2006? Ndinangomeza malovu. Mawa lake ndinathamangira kuchigayo mwana ali mtulo. Pobwera ndinamupeza ataima pakati pa nyumba manja ali pululu, kansalu kulibe. Kufunsa alamu aja, ati ndakaponya pa mbaula, zinthu zochokera kosadziwika sizilowa m'nyumba ya achimwene anga, mukudziwa bwanji kuti sanamangemo mankhwala? Akuyankhula choncho akusenda mbatata, osatukula ndi mutu womwe.

Usiku umenewo magetsi anazima, ndipo munali mu June, mukudziwa mmene kumazizirira kuno. Mwana sanalire nthawi yomweyo. Ankangoyendayenda mumdima kusuzumira pansi pa mipando, m'dengu la zovala, kuseri kwa chitseko, akungoti "yanga, yanga". Nditamugoneka pabedi latsopano lija ndi pomwe anayamba kukuwa, kukuwa kwenikweni mpaka mawu kusasa. Anang'amba neti. Anadzimenyetsa mutu kukhoma lopenta lija chipumi mpaka kutupa. Ndikamunyamula ankauma thupi n'kumandikankha, ndikamutsitsa ankandigwira mwendo. Kumubereka anakana. Ndinamupatsa chitenje changa, anachinunkhiza n'kuchiponya kutali. Likuni Phala analavula. Anadzikodzera ataimirira, kenaka anakwawira pansi pa bedi, pasimenti pozizira, n'kukaniratu kutuluka. Ndinagona pansi pomwepo nditalowetsa dzanja, iye atagwira chala changa chimodzi, akusisima mpaka atambala kulira. Alamu kuchipinda china akuliza mkonono. M'mawa ati mwaona, ndimanena ine kuti mwanayu ali ndi zake.

Bambo akunyumba anangoti zachitika zachitika, ndi achemwali anga, tisakokanekokane. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa. Munthu wamkulu, woti anabereka ana ake n'kuwalera, amene Lamlungu lililonse amakhala kutsogolo mutchalitchi, kuwotcha chinthu chokhacho chimene mwana wamasiye anali nacho padziko lino! Sizinathere pomwepo. Anakafalitsa kumudzi kuti tatenga kakuba, chifukwa anapeza zidutswa za nsima ndi mbatata pansi pa pilo. Mwana amene wakulira pagulu amabisa chakudya, amaopa kuti mawa sichipezeka, ngakhale a Social Welfare anandiuza zomwezo. Kupepesa sanapepese. Akabwera masiku ano amakhala pabalaza, chipinda cha mwana ndimakhoma, kiyi ndimamangirira pa chitenje.

Tsono mverani. Masiku oyamba musamugoneke yekha. Kumene akuchokerako amagona ambiri m'chipinda chimodzi, akumva anzake akupuma ndi kutsokomola, sanagonepo yekha chibadwire. Chipinda chabata chomwe inu mukuti ndi chabwino, kwa iye ndi choopsa. Wathu anagona pa kamatiresi pambali pa bedi lathu kwa miyezi, ndipo kuchipinda kwake anayamba kumakasewerako masana okha, chitseko chili chotsekula akundiona. Popita kukamutenga mufunse amayi omusamalirawo kuti amagona nthawi yanji, amagona nyale ikuyaka kapena ayi, amamuimbira nyimbo yanji, amamuitana dzina liti. Dzinalo musathamangire kulisintha. Kabuku ka kusikelo musakaiwale, muone kuti katemera analekezera pati.

Komabe chipindacho konzani, ndipo chikongole kwambiri, musamvere aliyense wonena kuti mukuwononga ndalama. Abale aone ndi maso awo kuti uyu ndi mwana wa pakhomo pano, sanabwere kudzacheza. Kabedi ka makanda kotchinga m'mbali kaja musagule, wa zaka ziwiri amakwera n'kugwa chamutu. Bedi likhale lalifupi. Matiresi muveke pulasitiki chifukwa kukodza pabedi kubwera, ngakhale akuuzeni kuti anasiya kale, ndipo akakodza musamukalipire. Neti yonyika m'mankhwala mupinde bwino pansi pa matiresi, malungo a kuno mvula ikayamba sasewera. Penti mugule ya madzi, ya mafuta imachedwa kutha fungo. Masoketi mutseke. Mankhwala a makoswe, machesi ndi parafini zichoke m'chipindamo. Kanyale ka sola kazikhala pafupi. Zidole zikhale zochepa, m'kadengu koti afikire yekha, ndi mphasa pansi yoti azikhalapo. Zambiri zimangomusokoneza, wathu galimoto ya batire ankaiopa, ankakonda zitsekerero za mabotolo ndi chikho. Chithunzi chake ali ndi inu mumate chapansi, pomwe maso ake afika. A Social Welfare atabwera kwathu anayang'ana neti, chimbudzi ndi pomwe timatunga madzi, za pentiyo sanafunse.

Abale musawatsekere kunja, mwanayu adzafuna azakhali, amalume ndi agogo, ndipo mukawabisira ndi pomwe amalankhula zambiri. Muwaitane mwana asanabwere, muwauze bambo akunyumba kwanu alipo, ndipo mawuwo atuluke pakamwa pa bambowo. Koma masabata oyambawo wina asagone m'nyumba mwanu, kaya ndi apongozi kaya ndi ndani, adzaone masana n'kubwerera. Musasiye mwana ndi munthu amene mwamumvapo akuti wotola, ngakhale mukungopita pachigayo.

Chakudya akabisa musamulande. Ine ndinkamusiyira nthochi m'kambale kovindikira pafupi ndi pogona pake, m'kupita kwa nthawi anasiya yekha. Amayi anzanga amene mukuwerenga izi, amene akudziwa kalipentala wosachedwetsa ntchito pa boma pano awathandize achemwaliwa, bedilo liyambe lauma vanishi mwana asanafike.