Golovesi yowongolera avale odwala, osati wogulitsa

Achimwene, ndaona chithunzi cha magolovesi a makina owongola zala mukufuna kugulira bambo anuwo mtima wanga wachita kuti thi! Ndi omwewo tinagulira amayi ku Ulongwe atadwala sitiroko. Inawagwira mbali ya kumanja, pakamwa ponse kutsekeka, zala kufumbata ngati agwira kanthu.

Tinagulitsa mbatatesi ya chaka chonse n'kupereka ndalama kwa mnyamata wina wa mu Tete amene amaitanitsa katundu ku China. Anabwera yekha pa chapa (minibasi), ati adzationetse kagwiritsidwe kake. Magolovesiwo amakhala awiri. Imodzi ndi yopepuka, yowongolera inzake, ili ndi tizipangizo tomva chala chikapindika, ndipo imauza kabokosi ka pampu. Inayo ili ndi timapaipi pamsana pa chala chilichonse: mpweya ukalowa chala chimapinda, ukakokedwa chimawongoka. Yopepukayo amayenera kuvala odwala eni ake kudzanja labwino, kuti ubongo uziona manja onse akuyendera limodzi.

Koma mnyamata uja anaivala yekha! Mphamvu anaika kumapeto, n'kuyamba kufumbata ndi kutambasula msangamsanga, maso ali pa foni akujambula kanema wotsatsira malonda. Zala za amayi zinali zitauma miyezi ingapo, makinawo akungozikoka. Ndinamva pampu ikulira, ndinaona phazi lawo labwino likupalasa pamphasa, misozi ikutsika, milomo ikunjenjemera koma mawu osatuluka. Iye n'kumati, "Taonani agogo akulira ndi chimwemwe." Mlongo wanga ndiye anazula chingwe pakhoma. Usiku dzanja linatupa, kwa masiku angapo amayi sankalola ngakhale kuwasambitsa mkono umenewo.

Munthu wopanda chisoni! Sanayeze n'komwe chikhato, anabweretsa saizi yaikulu yoti avale wonyamula matumba ku Moatize. Titamuimbira anati vuto ndi nkhalamba yathu, kenako anatibuloka pa WhatsApp. Kanemayo ndikumva akuitumizabe m'magulu. Ine zimenezo sindidzakhululuka.

Ndiye ine ndingati musagule, ndalamayo ipite ku mankhwala a BP ndi ulendo wa ku mafizo. Makina samva ululu, ndipo bambo ngati salankhula bwino sangakuuzeni kuti basi.

Komabe ngati ndalama ilipo gulani ndithu, ife tikugwiritsabe ntchito. A mafizo kuchipatala anatiuza kuyamba ndi kuwongola zala ndi manja athu, mphamvu yotsikitsitsa, kanthawi kochepa, ndipo pano amayi amavala okha yowongolerayo, akamva kuwawa amangosiya. Pitani kaye ndi bambo kwa a mafizo akaone dzanjalo, likauma kwambiri akhoza kukuletsani. Poitanitsa nenani kuti lodwala ndi lamanja kapena lamanzere chifukwa sizisinthana, yezani chikhato ndi tepi, ndipo funsani ngati chaja yake ikulola magetsi athu a 220. Wogulitsa asiye bokosi pakhomo azipita, asakhudze dzanja la bambo.